Mtengo wa Mendulo Zachifumu ku Britain: Kuchokera pa Sikelo Kufika ku Okushoni

Pa 23 April 1661, Charles II akulongedwa ufumu ku Westminster Abbey, nduna ina inkamwaza mendulo zasiliva pakati pa khamu la anthu. Samuel Pepys, wolemba zochitika za tsiku ndi tsiku, analipo, ndipo analemba kuti sanatoleko ngakhale imodzi. Kugawa mendulo pa mwambowu kunayamba ndi James I mu 1603, ndipo kulimbirana kwake kunaoneka komaliza mu 1838, pa ufumu wa Victoria. Kwa wotola wamba wa nthawi imeneyo, mtengo sunali wovuta kuudziwa: mendulo inkalemera siliva wochuluka bwanji pa sikelo, basi.

Makina ndiwo anasokoneza mawerengedwe amenewa. M'zaka za m'ma 1800, mafakitale a ku Birmingham ankasula mendulo zankhaninkhani za chitsulo chotchipa, zoboola pamwamba kuti ana a sukulu azivale pachifuwa. Nkhope ya mfumu inasiya kukhala umboni wa chuma. Ngakhale Royal Mint yeniyeniyo, fakitale ya boma yosula ndalama, pokondwerera zaka 60 za Victoria pampando mu 1897, inatulutsa mendulo imodzi m'mitundu ingapo: yagolide, yasiliva ndi yamkuwa, yaikulu ya mamilimita 56 ndi yaing'ono ya 26. Zonse zili ndi Victoria wokalamba mbali ina, wachitsikana mbali inayo, koma mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri.

Apa panafunika mabuku. Ntchito ya Edward Hawkins yondandalika mendulo za Britain inasindikizidwa mu 1885, ndipo mu 1987 Christopher Eimer anatulutsa buku loika mtengo pambali pa mendulo iliyonse. Lero ogulitsa amatchula nambala ya m'mabuku otere asanatchule ndalama.

Mabukuwa akhumudwitsa ambiri. Edward VII anayenera kulongedwa pa 26 June 1902, koma anachitidwa opaleshoni ya m'mimba, mwambo n'kusunthira pa 9 August. Wopeza mendulo yolembedwa tsiku la June amaganiza kuti walemera, osadziwa kuti amalonda anali atasula kale zochuluka. N'chimodzimodzi ndi Edward VIII, amene anatula pansi ufumu mu December 1936 asanavekedwe chisoti. Zikumbutso za mwambo wake umene sunachitike zinali zitadzaza kale m'masitolo, anthu n'kuzisunga bwino poyembekeza phindu. Mpaka lero n'zosasowa, ndipo zambiri zimapita pa ndalama zochepa.

Chimene chimakweza mtengo ndi mbiri ya mwini wake. Mendulo ya kulongedwa kwa Elizabeth II mu 1953 inaperekedwa kwa anthu oposa 100,000, ku Britain ndi m'mayiko ena a pansi pa ufumu wake, yopanda dzina. Koma 37 mwa izo zinalembedwa m'mphepete kuti ndi za gulu limene linakwera phiri la Everest chaka chomwecho. Siliva ndi yemweyo, koma zilembo zochepazo zimaziika pagulu lina.

Katswiri wa ku Spink kapena Noonans, makampani a okushoni a ku London, amayambabe ndi sikelo, chifukwa mtengo wa golide kapena siliva ndiwo poyambira. Kenako amatenga galasi lokuzira zinthu n'kuyang'ana tsitsi ndi tsaya la mfumu, malo amene amayamba kuperepeseka. Amafunsa za kabokosi kake koyambirira ndi mapepala ake, n'kuyerekeza ndi mitengo ya pa okushoni yaposachedwa. Ikakhala yoti mwini wake anaikwecha ndi polishi kuti iwale, timizere ta nsaluyo timaoneka pagalasi, ndipo mtengo umatsika pomwepo.