Apilo

Munthu akagonja pa mlandu n'kutuluka m'khoti akupukusa mutu, abale amamulimbitsa mtima kuti akachite apilo. Mawuwa adabwera ndi makhoti achizungu, ndipo amatanthauza kupempha bwalo lalikulu kuti liunikenso chigamulo cha bwalo laling'ono.

Mchitidwewo ngwakalekale. Ku Namitete, mkangano wa malire a munda ukakanika kwa nyakwawa umakwera kwa gulupu, kenaka kwa mfumu yaikulu Kalolo.

Makhoti a boma nawo amatero. Wosakhutira ndi majisitireti amapita ku High Court, yomwe imazenga milandu ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Pamwamba pake pali Supreme Court of Appeal, ndipo ikagamula iyo, nkhani yathera pomwepo. Ambiri amayesa kuti apilo n'kuyambiranso mlandu. Ayi ndithu. Kawirikawiri majaji saitananso mboni. Amawerenga zolembedwa za mlanduwo n'kufufuza pomwe lamulo lidaphonyedwa.

A Peter Mutharika nawonso adachita apilo khoti litafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 February 2020. Pa 8 May, Supreme Court idakana apiloyo, ndipo Amalawi adavotanso pa 23 June.