Mthunzi Umene Unapita ndi Msewu wa Kenyatta

Pamene Lilongwe ankasanduka likulu mu 1975, omwe anakonza mapulani ankafuna mzinda wa mitengo, ndipo msewu wa Kenyatta unkadutsa mumthunzi polumikiza Old Town ndi City Centre. Mu 2021 mitengoyo inagwetsedwa kuti msewu ukule, patangopita chaka mphambano ya Area 18 itasanduka misewu yodutsana pamwamba ndi pansi. Ena amati magalimoto anachuluka, mdipiti unkatalika m'mawa uliwonse, ndipo akunena zoona. Komatu anthu ambiri mumzindamu alibe galimoto. Amene analipira mtengo wa liwiro la magalimotowo ndi mayi wosenza dengu la tomato ndi wakabaza wochita thukuta padzuwa la Okutobala, pakuti mbande yobzalidwa lero imafuna zaka makumi kuti iwaphimbe.