Peni yamtengo imayambira pa zitsulo zake

Amisiri osema a kuno kwathu si alendo pa makina ozunguza mtengo, otchedwa lathe. Ena alibe ndi magetsi omwe: mnyamata amakulunga chingwe pa mtengo n'kumakoka uku ndi uku, mmisiri atatsamiza tchizulo, ndipo pamatuluka mbale kapena choikapo kandulo. Luso lomwelo lingatulutse peni, koma peni ili ndi malamulo ake, ndipo amene amalamula ndi zitsulo za m'kati mwake.

Zitsulozi zimagulidwa pamodzi m'kapaketi kotchedwa kit: kachubu ka mkuwa, kunsonga kolembera, chokolekera m'thumba, chopotokola chotulutsa nsonga, ndi refill, kachubu ka inki. Mmisiri amabowola kamtengo ka masentimita pafupifupi 2 m'lifupi ndi 13 m'litali, n'kumatamo kachubu ka mkuwa ndi guluu. Kenako amakaveka pa mandrel, kandodo kachitsulo kozungulira pa makinapo, n'kukapanikiza ndi timphete totchedwa bushing. Timpheteti ndiye muyeso. Ukasema mpaka mtengo ulingane nato, zitsulo zidzakhala bwino. Ukapitirira pang'ono, chala cha wogula chidzamva kampata. Kit iliyonse ili ndi timphete take ndi chobowolera chake, choncho wogula mitundu yambiri nthawi imodzi amathera ndalama pa zipangizo.

Kit yotchipa kwambiri ndi slimline, ya machubu awiri a mamilimita 7. Ophunzira ambiri amayambira pamenepa, koma ine sindiiona ngati yophweka. Kumapeto kwake mtengo umatsala wopyapyala ngati khoko la mtedza, ndipo mtengo wolimba wosauma bwino umang'aluka pomwe ukukanikizira zitsulo. Cigar ndi yonenepa, ya machubu a mamilimita 10. Imalemera m'manja ndipo maonekedwe a mtengo amaoneka bwino. Sierra ili ndi chubu chimodzi chokha: kubowola kamodzi, kusema kamodzi, ndipo kachidutswa kakafupi kamakwana. Palinso za fountain pen, koma zimenezo n'zodula ndipo zimafuna wogula wozidziwa kale.

Kwa mmisiri wa ku Mwanza, ndingasankhe Sierra. Chifukwa choyamba ndi inki. Slimline imalandira refill ya mtundu wa Cross, pomwe Cigar ndi Sierra zimalandira ya mtundu wa Parker, yonenepa, yosunga inki yambiri, imene makampani ambiri amapanga. Wapaulendo wogula peni pa chipata cha Mwanza, akulowera ku Zobue ndi Tete, adzafuna kusintha refill inki ikadzatha. Akalephera kuipeza, peniyo idzagona m'kabati ndipo sadzatumanso munthu kudzagula ina.

Chachiwiri ndi mtengo weniweniwo. Phingo, wa mtima wakuda ndi m'mbali moyera, amakula pang'onopang'ono kwambiri, ndipo ndi yemwe ku Ulaya amapangira zitoliro za clarinet. Kuyambira 2017 malonda ake otuluka m'dziko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES. Zimandipweteka kuona zidutswa zake, ndi za mlombwa ndi m'bawa, zikusesedwa pansi pa benchi n'kuponyedwa pamoto, m'boma limene nkhalango ya Thambani ikuvutika kale ndi nkhwangwa za owotcha makala. Chidutswa chimene sichingakhale chiboliboli chingakhale peni ya chubu chimodzi, makamaka chimene chakuda ndi choyera zakumana. Pamenepo polishi wa nsapato, amene ena amadetsera mitengo yoyera kuti ioneke ngati phingo, alibe ntchito: sandipepa wosalala ndi phula pang'ono zimakwana.

Chovuta n'chakuti zitsulozi zimachokera kunja. Koma mabasi ochokera ku Johannesburg amadutsa pa Mwanza pomwepa, pa msewu wa M6, ndipo ma kit ochuluka amakwana m'kachikwama kamodzi. Amisiri atasonkha ndalama n'kugwirizana pa mtundu umodzi, angabwerekane timphete ndi chobowolera, ndipo lathe imodzi yamagetsi ingawakwanire onse.