Msika wa Krisimasi ndi Mabokosi a Amai

Ku Britain ndi ku America, mwezi wa December ukayandikira, mipingo yambiri imacita msika wace. Tsiku la msikalo amai amayala magome m'nyumba ya misonkhano ya pa chalichi, naikapo zobvala za ana zimene anasoka okha, masokosi oluka, makeke, mabuku akale ndi tidole. Zonsezo nzopereka, ndipo ogulitsawo salandira malipiro. Madzulo ndarama zimalowa m'thumba la mpingo, zokakonzera denga lodontha kapena kuthandiza amasiye. Kawirikawiri wopereka ndi wogula amacokera m'nyumba imodzi: mai aphika keke ndi ufa wace, nalipereka, mwamuna wace nadzaligula. Munthu wodziwa malonda angaseke. Komatu inalipo nthawi imene bokosi la zosokasoka linagawanitsa Akristu ndi kusowetsa tulo akuluakulu.

Azungu amaucha msika wotere bazaar, mau ocokera ku Persia, kumene atanthauza msika wamba. M'caka ca 1816, itatha nkhondo ya Napoleon, John Trotter anatsegula nyumba yaikuru ku Soho mu London, m'mene akazi amasiye a asilikari ndi ana ao akazi anali kugulitsa nchito za manja ao. Pofika zaka za m'ma 1820 amai a m'mipingo anali atatenga dzinalo ndi nzeru yace yomwe, nayamba kusonkhera masukulu, amphawi ndi mamishoni mwa njira imeneyi. Cifukwa cace sicibvuta kuciona. Masiku amenewo mkazi wokwatiwa analibe cuma caiye yekha pamaso pa lamulo. Analibe mau posankha olamulira dziko, ndipo m'mipingo yambiri sanali kulankhula pa bwalo la akulu. Cimene anali naco ndico singano, ulusi ndi madzulo ace. Msika unasandutsa madzulowo ndarama.

Abusa ena sanakondwe nazo. Anati anthu alikugula tinthu topanda pace pa mtengo wopitirira, kuti maere ocitika pa misikayo ndiwo juga yobvala zoyera, ndi kuti sikuyenera namwali kuima pa gome ndi kumaitana amuna ogula. Anakumbutsanso za Yesu pamene anagubuduza magome a osinthana ndarama m'Kacisi. Koma ndi abusa owerengeka amene anabweza ndaramazo zitafika.

Msika umene unachuka koposa yonse unali wa ku Boston, m'cigawo ca Massachusetts ku America, ndipo colinga cace sicinali denga la chalichi ai, koma kuthetsa ukapolo. Kumwera kwa dzikolo anthu akuda anali kugulitsidwa ngati ziweto. Pofika 1860 analipo pafupifupi 4,000,000. Ku Boston kunalibe akapolo, koma cuma ca olemera a kumeneko cinali kucokera ku thonje lolimidwa ndi akapolo, ndipo olemera omwewo ndiwo anali kukhala pa mipando ya kutsogolo m'machalichi. Cotero abusa ambiri anaopa ngakhale kulengeza pa guwa msonkhano wotsutsa ukapolo.

M'caka ca 1833 amai a mipingo yosiyanasiyana anapanga bungwe lochedwa Boston Female Anti-Slavery Society. Mmodzi wa amai akuda amene analowamo pambuyo pace anali Susan Paul, mphunzitsi wakuda, mwana wa mbusa wa mpingo wa Baptist wa anthu akuda mumzindamo. Msika wao woyamba unacitika mu December 1834, nupindula madola ngati 300. Kusankha December kunali kucenjera. Makolo a anthu a ku Massachusetts anali kudana naye Krisimasi, kotero kuti lamulo la 1659 linalipiritsa masheleni 5 munthu wokondwerera tsikulo, ndipo silinakhale tsiku lopuma mwa lamulo kufikira 1856. Koma m'zaka za m'ma 1830 mwambo wopatsana mphatso unali kukula, ndipo amaiwo anaona kuti munthu wosafuna kumva ulaliki wonena za akapolo angathe kulowa m'nyumba kudzafuna mphatso ya mwana wace. Atalowa, anapeza cithunzi ca kapolo wogwada, womangidwa unyolo, cosokeredwa pa kathumba ka singano ndi pa nsaru yogwirira mphika.

Sanali masewera. Pa 21 October 1835 khamu la amuna obvala bwino linazinga nyumba imene amaiwo anasonkhanamo. William Lloyd Garrison, mkonzi wa nyuzipepala yochedwa The Liberator, anammanga cingwe namkoka m'miseu, ndipo anagona m'ndende usiku umenewo kuti apulumuke. Amaiwo anaturuka awiriawiri, woyera ndi wakuda, napyola pakati pa khamulo kukatsiriza msonkhano wao ku nyumba ya Maria Weston Chapman. Mai ameneyu, pamodzi ndi abale ace Caroline, Anne ndi Deborah Weston, ndiye anayendetsa msikawo zaka zoposa 20.

Nchito ya msika wa masiku owerengeka inali kudya caka cathunthu. Amai a m'midzi yozungulira anali kukomana mlungu ndi mlungu kusoka, wina alikuwawerengera nkhani. Mizinda monga Lynn, Salem ndi New Bedford inali ndi magome aceace. Alimi anatumiza batala, chizi, zipatso ndi nthambi zobiriwira zokometsera nyumba. Panali olemba makalata opempha, omasula mabokosi, oika mitengo pa kanthu kali konse, ndi oima pa magome kuyambira m'mawa kufikira usiku m'nyengo ya cisanu coopsya. Kuyambira 1839 Mai Chapman anali kusindikizanso buku logulitsa pa msikapo, dzina lace The Liberty Bell, ndipo alembi omveka monga Longfellow ndi Elizabeth Barrett Browning analembamo kwaulere. M'zaka za m'ma 1840 msikawo unalowa m'nyumba yaikuru ya mzinda, Faneuil Hall, ndipo m'zaka za m'ma 1850 unali kupindula madola 4,000 kapena 5,000 pa caka. Ndarama zimenezo ndizo zinali kulipira oyendayenda olalikira zotsutsa ukapolo ndi kusindikiza nyuzipepala ya bungwe lao lalikuru.

Katundu wokoka anthu olemera anali wocokera kutsidya kwa nyanja. Amai a ku Glasgow, Edinburgh, Bristol, Dublin ndi Cork anali kulongedza mabokosi nthawi isanakwane, nawakweza m'sitima za pamadzi kuti afike Krisimasi asanafike. A ku Ireland sanaleke ngakhale m'zaka za njala yaikuru imene inayamba mu 1845. Ambiri a iwo sanaonepo kapolo ndi maso. Luso lomweli la kusoka ndi kugulitsa ndilo limene amai a m'mipingo ya ku Scotland anathandiza nalo pambuyo pace mamishoni a Livingstonia ndi Blantyre, oyambika mu 1875 ndi 1876, m'dziko limene malonda a akapolo anali asanathe.

Pamenepa ndipo bokosi linaonetsa mphamvu yace. Garrison anali munthu wa pakamwa pakuthwa. Anadzudzula abusa poyera cifukwa ca mantha ao, nanenanso kuti akazi ayenera kulankhula pa misonkhano monga amuna. Mu 1837 abusa a mipingo ya Congregational ku Massachusetts analemba kalata yowerengedwa m'machalichi, yodzudzula akazi olankhula pa gulu. Amai a m'bungwe lija anagwidwa pakati. Ena, makamaka a Baptist ndi Congregational, anafuna kuthetsa ukapolo popanda kulimbana ndi abusa ao. Ena anatsata Garrison ndi Mai Chapman. Funso linali lakuti ndarama za msika zipite kwa yani. Mu 1839 ku Boston kunacitika misika iwiri yopikisana, ndipo mu 1840 bungwelo linang'ambika. Anthu amene anayenda awiriawiri pakati pa khamu laukali analephera kugawana thumba limodzi.

Mkanganowo unaoloka nyanja. Ca m'ma 1850 amai ena a ku Glasgow ndi kwina analeka kutumiza mabokosi ao ku Boston, nati sangasokere munthu wonyoza mipingo ndi Sabata. Ambiri anatembenuzira mabokosiwo ku Rochester, kumene Frederick Douglass, amene anathawa ukapolo mu 1838, anayambitsa nyuzipepala yace The North Star mu 1847. Makalata aukali anaoloka nyanja uku ndi uku, ndipo atsogoleri acimuna, amene kale anali kuona misika ngati zoseweretsa za akazi, anayamba kunyengerera timagulu ta amai osoka monga munthu anyengerera mwini nkhokwe m'caka ca njala. Mkazi wosaloledwa kuponya voti anali atapeza voti yina. Ankaisoka ndi manja ace, nalemba yekha pa bokosi dzina la mzinda kumene ipite.

Mapeto a msikawo anadza mwa Mai Chapman mwini. Iye anakhala ku Paris kuyambira 1848 kufikira 1855, akutumiza katundu wokongola wa ku France, ndipo atabwerera anawerengera zimene ena sanali kuwerengera: mtengo wa nsaru ndi ulusi, wa sitima ndi msonkho, katundu wotsala wosagulidwa, ndi kutopa kwa amai amene anali atakalamba pa nchitoyo. Mu 1858 anauthetsa msikawo. M'malo mwace anaika phwando la madzulo amodzi, kumene oitanidwa anali kumva nyimbo ndi zokamba, nasiya ndarama zeni zeni. Phwando loyamba linacitika mu January 1859, ndipo linapindula koposa msika.

Pa masamu Mai Chapman sanalakwe. Koma anzace ena anawawidwa mtima pakuti sanawafunse, ndipo panali cina cimene masamuwo sanacione. Mkazi wa mlimi wa kumudzi, wokhala ndi singano ndi batala koma wopanda dola, analibenso cobwera naco. Gome la mudzi wace linacoka, ndi cifukwa cokomanirana mlungu ndi mlungu cinacoka nalo. Amai a ku Philadelphia, amene anayamba msika wao mu 1836, sanatsate njira yatsopanoyo. Iwo anapitiriza kusoka ndi kugulitsa December ali yense kufikira 1861, caka cimene nkhondo ya pakati pa kumpoto ndi kumwera inabuka, nkhondo imene inathetsa ukapolo ku America mu 1865.