Kodi umboni wa mbiri ya kunyanja kwathu uli kuti?



Kuyambira 2004, ndondomeko ya maphunziro a pulayimale imatipatsa gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi ya m'kalasi kuti tiphunzitse za kwathu, zija timati currículo local. Nthawi ilipo, koma tiphunzitsa chiyani? Mwana wa kuno ku Meponda amatha kunena kuti Ngungunhane anagwidwa ku Chaimite mu 1895, koma sadziwa amene ankatolera msonkho kwa makolo a agogo ake. Mbiri ya gombe lathu inalembedwa ndithu. Vuto ndi lakuti mapepala ake anamwazikana m'mayiko angapo ndi m'zilankhulo zingapo.

Kusukulu ya uphunzitsi tinaphunzira mawu akuti fontes primárias. M'chilankhulo chathu ndinganene kuti ndi umboni wa pa nthawi yomweyo: kalata, kaundula wa ubatizo, lipoti la mtsamunda, mapu, chithunzi, kapena mawu a munthu amene anaona ndi maso ake. Buku limene katswiri walemba patapita zaka 80 ndi lothandiza, koma iye akungotifotokozera zimene anawerenga mu umboniwo.

Kuti mudziwe kumene mapepala ali, yambani mwadziwa amene ankalamula. Pangano la Britain ndi Portugal la pa 11 June 1891 linapereka gombe lathu kwa Apwitikizi, pamene zilumba za Likoma ndi Chizumulu zinakhala za Angerezi. Mpaka 1929 Niassa ndi Cabo Delgado zinali m'manja mwa kampani yotchedwa Companhia do Nyassa, imene likulu lake linali ku Porto Amélia, komwe lero ndi ku Pemba. Kampaniyo inkadalira msonkho wa nyumba ndi kugwiritsa anthu ntchito mokakamiza. Itatha, boma la Apwitikizi linayamba kulamula lokha, ndipo mu 1931 linakhazikitsa Vila Cabral, Lichinga wa lero. Zolemba za olamulirawa mukazifune ku Maputo, ku Arquivo Histórico de Moçambique, malo amene anakhazikitsidwa mu 1934 ndipo kuyambira 1976 ali pansi pa Universidade Eduardo Mondlane. Zina zili ku Lisboa, ku Arquivo Histórico Ultramarino.

Gulu lachiwiri la alembi ndi amishoni a Anglican a UMCA, amene anakhazikika pa Likoma mu 1885. William Percival Johnson ankayendera midzi ya gombe la kum'mawa pa sitima ya Charles Janson, ndipo anamwalira mu 1928. Anasiya mabuku awiri onena za nyanja ndi anthu ake: Nyasa, the Great Water la 1922 ndi My African Reminiscences la 1924. Mu 1902 Herbert Barnes anatulutsa buku la mawu a Chinyanja cha kunyanja kuno. Mu 1919 kunatuluka Chiikala cha Wayao, mbiri ya Ayao yolembedwa m'Chiyao ndi wansembe Yohanna Barnaba Abdallah, amene ankatumikira ku Unango. Wansembeyu analemba mbiri m'chilankhulo cha amayi ake zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo akatswiri amaigwiritsabe ntchito. Makalata a amishoniwo tsopano akusungidwa ku laibulale ya Bodleian ku Oxford. Kutsidya, ku Zomba, kuli malo osungira zolemba za boma la Malawi, ngakhale moto wa mu 1919 unapsereza mapepala ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda.

Wina anena kuti ndi malipiro a mphunzitsi ku Maputo n'kutali, nanji ku Oxford. N'zoona. Koma ulendo umayambira pafupi, m'laibulale ya yunivesite, monga ya Universidade Rovuma ku Lichinga. Mukatenga buku la mbiri, mwachitsanzo História de Cabo Delgado e do Niassa la Eduardo Medeiros, musathamangire mitu yokha. Onani timawu ting'onoting'ono ta m'munsi mwa tsamba ndi mndandanda wa kumapeto. Mmenemo wolemba amanena kumene anapeza chilichonse, ndipo inu mumangolondola mapazi ake. Komanso mabuku ambiri akale a amishoni anajambulidwa, amawerengeka ulere pa Internet Archive ngakhale pa foni.

Pofufuza, sinthanisinthani mayina. Mngerezi analemba Msumba, Mtengula ndi Unangu, pamene Mpwitikizi analemba Messumba, Metangula ndi Unango. Nyanja yomweyi ndi Nyasa, Nyassa, Niassa kapena Malawi. Cuamba inali Nova Freixo. Chilankhulo chathu mudzachipeza ngati Cinyanja, Chinyanja, Nyanja kapena Nianja. Mukalemba dzina limodzi lokha pa kompyuta ya m'laibulale, idzakuuzani kuti palibe kanthu, chonsecho zinthu zilipo.

Dziwaninso kuti malo osungira zolemba zakale sasanja mapepala ngati mabuku. Simudzapeza shelefu yolembedwa kuti Meponda. Mapepala amakhala m'magulu malinga ndi ofesi imene inawalemba, gulu lililonse amati fundo, ndipo ali m'mabokosi a manambala. Choncho dzifunseni kuti ndi ofesi iti imene ikanalemba za msonkho, za mafumu kapena za sukulu ya mishoni. Mukapeza pepala, lembani dzina la gulu, nambala ya bokosi ndi tsiku, kuti mnzanu adzathe kulipeza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pepala likakhala m'manja, lifunseni kuti analilemba ndani, ankalembera yani, ndipo ankafuna chiyani. Lipoti la mtsamunda likati anthu a mudzi wakuti ndi aulesi ndipo athawa, mwina likutiuza kuti anakana msonkho n'kuwolokera kutsidya. Mmishoni akadandaula za chinamwali, amatisiyira mosadziwa umboni wa mmene mwambowo unkachitikira. Ambiri mwa alembiwa ankamva makolo athu kudzera mwa womasulira. Ife amene timadziwa Chinyanja, Chiyao ndi Chipwitikizi timatha kuzindikira dzina limene linapotozedwa ndi mawu amene anamasuliridwa molakwika. Ichi ndi chida chimene ofufuza ambiri ochokera kutali alibe.

Pali umboni wina umene suli m'bokosi lililonse. Nkhondo ya ufulu inayamba pa 25 September 1964, ndipo inayaka kwambiri kuno ku Niassa, kumene FRELIMO inachitira msonkhano wake waukulu wachiwiri ku Matchedje mu July 1968. Anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja anathawira ku Likoma ndi kumtunda kwa Malawi. Amene anali ndi zaka 15 mu 1964 lero apitirira zaka 70. Ena ali m'midzi mwathu, ndipo nkhani zawo amazikamba bwino m'chilankhulo chimene anaziwonera.

Pempho langa ndi ili. Temu ino mphunzitsi aliyense apemphe chilolezo kwa agogo mmodzi, awajambule mawu pa foni, alembe tsiku, malo ndi dzina lawo. Mawuwo alembedwe m'kope monga anayankhulidwira, Chipwitikizi chibwere pambuyo, patsamba lina. Makolo, khadi la ubatizo, chiphaso cha msonkho kapena chithunzi chakale chimene chili m'sutikesi musachitaye. Tiloleni tichijambule, chenichenicho chikhale kwa inu. Tikatero, ana athu adzaphunzira kuwerenga ndi mawu a agogo awo, ndipo wofufuza wa mawa adzayambira pasukulu yathu asanapite ku Maputo.