Za Tambala ndi Njobvu za pa Ndalama Zathu

Tsiku lina m'mwezi wathawu tinalikuphunzitsa masamu a ndalama m'kalasi lacinai, ndipo tinalemba pa bolodi kuti matambala 100 apanga Kwacha imodzi. Pamenepo mnyamata wina wokhala kumbuyo anaimika dzanja, nafunsa mwaulemu, nati, "Aphunzitsi, ndani angalole kugulitsa atambala 100 pa Kwacha imodzi, pakuti kwathu ngakhale dzira silipezeka pa mtengo umenewo?" Anzace anaseka, ifenso tinaseka, koma pobwerera kunyumba madzulo tinazindikira kuti mwanayo sanalakwe konse ai. Iye adziwa tambala wa m'khola yekha, koma wa m'thumba sanamgwirepo cibadwire. Cifukwa cace tati tilembe pano mbiri ya ndalama zathu zazing'ono zacitsulo, kuti akulu akumbuke ndi ana amve kumene zinacokera, ndi cimene cazithetsa mphamvu.

Makolo athu akale sanadziwe ndalama. Wofuna khasu anamka kwa wosula ndi nkhuku kapena dengu la mapira. Ena anagula ndi mcere, ena ndi mikanda ndi nsaru zimene amalonda anabwera nazo kucokera kugombe. Ngakhale Azungu a Mandala, amene kampani yao inayamba m'caka ca 1878, analipira amtengatenga ao ndi nsaru yoyesa mikwamba. Mphunzitsi wamkulu wa ndalama m'dziko muno anali msonkho. Angelezi atatenga dziko m'caka ca 1891, Bwana Harry Johnston anaika msonkho umene pa zaka zowerengeka unakhazikika pa mashileni 3 nyumba iri yonse. Ndipo munthu amene kale analibe kanthu ndi tizitsulo timeneti anayamba kutifunafuna ku minda ya khofi ya ku Blantyre ndi Zomba, ena mpaka ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni.

Ndalamazo zinali za eni, zokhala ndi mutu wa mfumu ya ku England, koma maina ace anthu athu anawaumba okha monga mwa lilime lao. Kakang'ono ka mkuwa anakacha kobiri. Ka makobiri 3 kanali tiki, ka makobiri 6 sikisi. Makobiri 12 anapanga shileni, ndi mashileni 20 paundi. Marupiya a ku India anayendanso kuno masiku oyambawo, ndipo ngakhale anatha kale lomwe, dzina lao likali m'Buku Lopatulika la 1922, pamene omasulira anafuna liu la ndalama limene anthu angalimve. Apa tiona cinthu cimene cidzabweranso m'mbiri yino: ndalama itatha, dzina lace limatsala m'kamwa mwa anthu zaka zambirimbiri.

Pambuyo pace zinafika ndalama za Southern Rhodesia, zimene zinayamba kusulidwa m'caka ca 1932, ndipo pakati pa izo panali kobiri loboola pakati, limene agogo athu alikumbukabe ndi cimwemwe. Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland citayamba mu 1953, cinaturutsa ndalama zace kuyambira 1955. Pa theka la kobiri panali anyamalikiti, nyama imene ana a kuno ambiri sanaionepo. Pa kobiri panali njobvu ziwiri. Pa tiki duwa lofiira la m'chire limene Azungu a ku Salisbury analikonda. Pa shileni mphalapala. Pa ya mashileni 2 nkhwazi itagwira nsomba. Zazikuluzo zinali ndi mutu wa Mfumukazi Elizabeth, koma kobiri ndi theka lace zinalibe mutu, popeza pamalo pace panali ciboo. Ciboo cimeneco cinathandiza kwambiri anthu opanda matumba m'zobvala zao: amai anatunga makobiri pa cingwe monga mikanda, namanga m'cuuno popita kumsika, ndipo mwana wotumidwa mcere sanataye kanthu m'njira.

Tsono taonani codabwitsa. Palibe cinthu cimene anthu a dziko lino anacida monga Citaganya; anacikana pa misonkhano, ena anamangidwa ndi ena anafa cifukwa ca ico m'caka ca 1959. Koma kobiri la Citaganya sanalikane ai, pakuti linagula mtedza, linagula nthoci ndi mzimbe, ndipo wosauka analowa nalo m'sitolo wopanda manyazi. Mkwiyo wao unali pa Boma lolembedwa pa kobirilo, koma mtima wao unali pa cimene kobirilo linabwera naco kunyumba.

Citaganya cinatha pa 31 December 1963, dziko linalandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo ndalama zoyamba zolembedwa dzina la Malawi ziri ndi caka comweco. Kuwerenga kwace kunali kwakale, kwa mashileni ndi mapaundi, koma zithunzi zinali zatsopano. Mbali imodzi kunali mutu wa Dr. Kamuzu Banda, mbali yina, pa sikisi panaima tambala, pa shileni mtolo wa zinsononkho za cimanga, pa ya mashileni 2 njobvu ndi mwana wace, ndi pa ya mashileni 2 ndi theka cizindikiro ca dziko. Banki yaikuru ya dziko, Reserve Bank of Malawi, inayamba nchito yace ku Blantyre mu 1965. Cimangaco palibe anacifunsa tanthauzo, pakuti ali yense adziwa kuti ndico moyo wathu. Tambalayo anali wa cipani ca Malawi Congress, ndipo masiku amenewo anthu ambiri sanasiyanitse cipani ndi dziko. Njobvu yokha ndiyo inaoloka kucokera pa kobiri la Citaganya osafunsidwa kanthu. Tiyeni tiisunge m'mtima, pakuti tidzakomana nayonso.

Kusintha kwakukuru kunadza pa 15 February 1971, tsiku lomwelo limene a ku Britain anasiyanso mashileni ao. Anansi athu a ku Zambia anali atayamba kale mu 1968 ndi Kwacha ndi ngwee. Kwa ife paundi inagawika pawiri nikhala Kwacha 2. Kwacha inali mashileni 10, shileni inasanduka matambala 10, ndi sikisi matambala 5. Dzina la Kwacha linacokera ku mpfuu wa pa misonkhano ya ufulu, ndipo la tambala linagwirizana nalo bwino, pakuti ndiye alira kukaca. Aphunzitsi amene anatiphunzitsa ife anali kusimba kuti tsiku limenelo anapuma, cifukwa kale mwana anayenera kugawa ndi 12 ndi kugawanso ndi 20 asanapeze yankho limodzi, ndipo ambiri anathawa sukulu cifukwa ca masamu amenewo. Koma kumsika kunali makani, pakuti makobiri 12 anasinthika ndi matambala 10 okha, ndipo nkhalamba zina zinayesa kuti Boma ladya awiriwo.

Cimanga cinakhalabe pa matambala 10 ndi njobvu pa matambala 20; pa matambala 5 panabwera mbalame ya cimeza, pa matambala 2 kambalame ka mcira wautali, ndipo tambala mwini anatsikira pa kandalama kofiira kocepetsetsa, ka tambala imodzi. Ife tinakula ndi zimenezi. Tikumbuka kuti pa ubwana wathu akulu sanali kunena matambala 10, koma shileni, ndipo ka matambala 5 anakachabe sikisi, patapita zaka zambiri ndithu lamulo litasintha.

Anthu atasankha za zipani zambiri pa 14 June 1993, ndi Bakili Muluzi atalowa pa mpando mu 1994, zithunzi zinasinthanso. Pa ndalama za 1995 tambala anacotsedwa pa ka tambala imodzi, ndipo pamalo pace anaikapo nsomba ziwiri. Pa Kwacha yacitsulo, pamene analiponso, mu 1996 anasiya malo kwa nkhwazi. Ife tiyesa kuti ici cinali coyenera, pakuti ndalama imalowa m'thumba la munthu wa cipani ciri conse, ndipo siiyenera kubvala malaya a gulu limodzi. Koma pa cifukwa comweco sitiyamika kuti mutu wa Muluzi unalowa pamene panacoka wa Kamuzu. Cinali bwino pamene ndalama zina zinayamba kuturuka ndi cizindikiro ca dziko cokha, ndi pamene John Chilembwe anaikidwa pa zapepala mu 1997. Komatu dzina la tambala palibe analikhudza. Kandalama ka nsomba ziwiri kanachedwabe tambala, ndipo ngakhale odana ndi cipani cakale sanapemphe dzina lina, popeza linali litaleka kukhala la cipani, litasanduka la tonse.

Cimene andale sanacicite, mitengo ya zinthu inacicita. Kuyambira 1994, pamene Kwacha inalekedwa kuti ipeze yokha mtengo wace pa ndalama za maiko ena, mphamvu yace inatsika caka ndi caka, ndipo inagwetsedwanso kwambiri mu May 2012 ndi mu November 2023. Wofuna kuona kutsikako asabvutike ndi mabuku a banki, angotsata njobvu ija. Mu 2007 zinaturuka ndalama zacitsulo za K5 ndi K10, zazikuru, za zitsulo ziwiri, zolemera kotero kuti zinang'amba matumba. Mu 2012 zinalowedwa m'malo ndi zina zazing'ono zopepuka, ndipo pa K10 yatsopanoyo tinapezapo njobvu yathu yakale, pa K5 cimeza uja. Motero njobvu imene inali kulondera matambala 20 inapatsidwa matambala 1,000, ndiko kucurukitsa ka 50, ndi cimeza anakwera ka 100. Koma K10 ya lero siigula ngakhale cimene matambala 20 anagula ife tiri ana. Mu 2022 inaturuka yapepala ya K5,000, ndipo mutu wa Kamuzu, umene unabwerera kale pa K1,000 mu 2012, uli pomwepo.

Ena adzati, nanga tidandauliranji tizitsulo topanda nchito? Amene anena cotero ndiye wogula ndi thumba lathunthu. Ndalama yaing'ono ndiyo ndalama ya wosauka, amene agula mcere wa lero, mafuta a pa supuni ndi sopo woduladula. Pamene palibe kandalama kobwezera, mtengo sutsika kukakomana ndi wogula, umangokwera kufikira pa pepala lotsatira. M'masitolo ena apatsa munthu switi m'malo mwa chenji, ngati iye anadzera switi; ndipo mai wa kumudzi, poopa kuoneka waumbombo pamaso pa anthu, angolandira nacoka. Paja akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. A ku Zambia mu 2013 anadula maziro atatu pa Kwacha yao, nabwezera ngwee m'manja mwa anthu. Kapena tsiku lina kuno kudzacitika comweco, ndipo tidzakondwa kuona tambala alikuyendanso. Koma tipempha eni nchitoyo kuti asataye masiku ambiri pa kusankha cithunzi, pakuti mai wa kumsika adzayamba wafunsa kuti kandalamako kagula tomato angati.

M'mawa mwace tinafunafuna m'kacitini kakale kunyumba, ndipo tinapezamo ka tambala imodzi ka 1971 ndi ka matambala 20, tinamka nato kusukulu. Ana anapatsirana dzanja ndi dzanja, ndipo msungwana wina anazindikira msanga kuti njobvuyo ndi yomwe iri pa K10. Mnyamata wa funso uja anapempha kuti akaonetse kofiirako kwa agogo ace, ndipo tinamlola. Pobwera nako tsiku linzace anati agogowo anakatembenuza kawiri pafupi ndi maso, naseka, nati, "Iwe, kobiri limeneli walitola kuti?"