Mzere wa dzira: Dürer, Bembo ndi chaka cha 1525

Masiku apitawa ndinkathandiza mwana wa mchemwali wanga masamu a ku sekondale, ndipo tinafika pa mzere uja amautcha ellipse. Anandifunsa kuti m'Chichewa ndi chiyani. Ndisanaganize n'komwe ndinangoti, "Mzere wonga dzira." Iye anakhutira n'kupitiriza kulemba. Ine ndinatsala ndi kamantha, chifukwa yankho lomweli munthu wina analipereka m'Chijeremani zaka 500 zapitazo, ndipo pa dzira pomwepo m'pamene anaphonya.

Munthuyo ndi Albrecht Dürer wa ku Nuremberg, katswiri wojambula zithunzi wa m'nyengo ya Renaissance, pamene anthu a ku Ulaya anatembenukiranso ku maphunziro akale a Agiriki ndi Aroma. Anabadwa mu 1471. Bambo ake anali mmisiri wa golide, ndipo mwanayo anayamba waphunzira ntchito yomweyo asanapite kwa Michael Wolgemut mu 1486 kukaphunzira kujambula. Sanali munthu wa ku yunivesite. Koma ali ku Italy anaona kuti anzake kumeneko akujambula ndi muyeso, osati ndi maso okha. Mu 1507 anagula ku Venice buku la Euclid la m'Chilatini. Kwawo anali ndi bwenzi, Willibald Pirckheimer, mmodzi mwa ophunzira aja otchedwa ma-humanist, amene Chilatini ndi Chigiriki zinali ngati madzi akumwa.

Mu 1525 Dürer anasindikiza Underweysung der Messung, buku lophunzitsa kuyeza ndi kampasi ndi rula. Analilemba m'Chijeremani, ndipo sanabise chifukwa chake. Ankadandaula kuti anyamata aluso ambiri akuphunzira kujambula pongotsanzira mabwana awo tsiku ndi tsiku, popanda maziko. Ankafuna kuti bukulo liwerengedwe ndi ojambula, osula golide, osema miyala ndi akalipentala. Tsono vuto linali mawu. Masamu a mtundu umenewo ankakhala m'Chigiriki ndi m'Chilatini. Chijeremani cha mu msika chinalibe mayina ake.

Apa m'pamene ndimamukondera bamboyu. Sanadikire kuti ophunzira amupangire mawu. Mzere wopiringizika anautcha Schneckenlinie, mzere wa nkhono. Hyperbola anaitcha Gabellinie, mzere wa mphanda. Parabola inakhala Brennlinie, mzere wootcha, chifukwa galasi lopindika motero limasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa pamalo amodzi mpaka kuyatsa moto. Ndipo ellipse anaitcha Eierlinie, mzere wa dzira. Mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu amene wagwira kampasi koyamba akanamva mawu onsewa osafunsa munthu.

Komatu dzira lili ndi kwake konenepa ndi kwake kosongoka. Ellipse sili choncho. Tiyerekeze chinthu chosongoka ngati denga la nkhokwe, ndiye mwachidula mopendekeka kuchokera mbali ina kukatulukira mbali inayo. Malo odulidwawo ndiwo ellipse, ndipo nsonga zake ziwiri n'zofanana ndendende. Apollonius wa ku Perga anazidziwa zimenezi Yesu asanabadwe. Dürer anaganiza monga ambirife tingaganizire: popeza denga ndi lotambalala kumunsi, mbali ya kumunsi ya chodulidwacho iyeneranso kutambalala. Chithunzi cha m'buku mwake chinatulukadi dzira. Sindikunena kuti dzinalo ndilo linabala cholakwacho ayi, koma dzina ndi cholakwa zinagwirizana bwino kwambiri, moti wophunzira amene waloweza mawuwo analibe chomukayikitsa.

Chaka chomwecho cha 1525, ku Venice kunatuluka buku lina lokamba za chiyankhulo cha anthu wamba, Prose della volgar lingua la Pietro Bembo. Nkhani yolemba m'chiyankhulo chakwanu inali yakale kale ku Italy. Dante anachiikira kumbuyo, koma chodabwitsa n'chakuti buku lochiikira kumbuyolo analilemba m'Chilatini. Leon Battista Alberti, wodziwa zomangamanga ndi zojambula, analemba buku lake la kajambulidwe m'ziyankhulo zonse ziwiri cha mu 1435 ndi 1436, la m'Chitaliyana cha ku Tuscany n'kulipereka kwa Filippo Brunelleschi, womanga denga la tchalitchi chachikulu cha Florence. Alberti yemweyo analembanso kabuku ka galamala pofuna kuonetsa kuti chiyankhulo cha m'misewu chili ndi malamulo ngati Chilatini.

Bembo anatenga njira ina. Kwa iye, ngati chiyankhulo cha anthu chiti chipikisane ndi Chilatini, chiyenera kukhala ndi olemba ake oti aziwatsanzira monga ankamutsanzirira Cicero. Anasankha Petrarch pa ndakatulo ndi Boccaccio pa nkhani, anthu amene anali atamwalira zaka 150 m'mbuyomo. Ngakhale Dante anamudzudzula kuti amalowetsa mawu otsika ndi aukali. Taganizani: munthu wa ku Venice kuuza anthu a ku Florence kuti Chitaliyana chabwino si chimene akuyankhula lero, koma cha agogo a agogo awo.

Nanga anapambana ndani? Tikayang'ana mawu okha, Bembo. Chitaliyana cholembedwa chinatsata njira yake kwa zaka mazanamazana, ngakhale kuti pamene Italy inkakhala dziko limodzi mu 1861, anthu ochepa kwambiri ndi amene ankachiyankhula pakhomo. Mawu a Dürer sanakhalitse. Mwana wa sukulu ku Germany lero amati Ellipse, Parabel, Hyperbel. Ndipo kuti buku lake lifike kwa ophunzira a m'mayiko ena, linamasuliridwa m'Chilatini n'kusindikizidwa ku Paris mu 1532. Mzere wa dzira unabwerera komwe unachokera.

Komabe ine mtima wanga sunachoke kwa Dürer. Bembo ankafuna chiyankhulo choti chilemekezedwe, ndipo anachipeza. Dürer ankafuna choti mmisiri agwirire ntchito mawa m'mawa. Mayina ake anatha, koma masamu anali atalowa m'Chijeremani, ndipo obwera pambuyo anapeza kuti kufotokoza mzere ndi ngodya m'chiyankhulo chawo n'kotheka ndithu. Chimene sindingavomereze n'chakuti mawu akumudzi amangokhala olondola chifukwa choti ndi akumudzi.

Tsiku lotsatira ndinabwereranso kwa mwana uja. Tinakhoma misomali iwiri pa thabwa, n'kumangapo ulusi wolendewera, ndipo iye anazunguliza pensulo ulusiwo uli chokokeka. Anayang'anitsitsa chimene chinatuluka, n'kuchitembenuza chadodolido. Kenako anati, "Amalume, dzira limeneli ndi la nkhuku yanji?"